Mafuta pa khosi la Lubuto

Lolemba, 10 Juni

Mwana wanga Lubuto wakwanitsa masiku asanu ndi limodzi. Akuti mtima wake sunapangike bwino, magazi safika okwanira m'mapapo, n'chifukwa chake milomo imada akalira. Pali mankhwala ofunika kulowa m'thupi mwake osalekeza. Timitsempha ta m'manja taphulika tonse. Amubaya kasanu ndi kawiri, ndinawerenga.

Lero ba Dokota Mwaba anabwera ndi makina onga aja anandiunikira nawo ndili ndi pakati. Akuti amaonera mtsempha waukulu wa pakhosi kuti singano isasochere, kenako aikemo kapaipi ka mankhwala. Anandipatsa pepala losaina. Mizere yambiri sindinaimve, kufunsa ndinachita manyazi. Ndinadikira panja.

Kapaipi kalowa. Aphimbapo pulasitala yoonekera mkati.

Lachiwiri, 11 Juni

Nesi wathu ba Sister Katongo: "Bamake Lubuto, pa pulasita musagwilepo, mwamvela?" Ndinati ee.

Apongozi anabwera kuchokera ku Chelstone. Anamuyang'ana, nkundiyang'ana ine. "Mwana mbuu monga alibe amake. Na mphepo ino simumuzoza?" Azimayi a mabedi ena anamva. Anandisiyira botolo la mafuta.

Lachitatu, 12 Juni

M'mawa ndinasamba m'manja kawiri. Ndinamudzoza miyendo, mimba, kuseri kwa makutu, m'makwinya a khosi. Pulasitala sindinaikhudze. Ndinangozungulira m'mphepete ndi kachala, pang'onopang'ono. Anawala bwino mwana wanga.

Masana makina analira. Pulasitala inali itamatuka mbali imodzi, kapaipi katasuntha, mankhwala akutayikira pansalu. Lubuto anada milomo mpaka zikhadabo. Anathamangira anthu anayi. Anapeza kamtsempha kuphazi kongogwirizira.

M'mphepete momwe munamatukamo munkanyezimira. Ndinaona ndekha.

Mkulu wa manesi anakalipira ba Katongo pakhomo, tonse tikumva. "Munamata bwanji imwe? Lembani lipoti." Za mafuta sindinaulule. Botolo ndalibisa m'sokosi, pansi pa chikwama.

Lachinayi, 13 Juni

Sindinadye. Ba Katongo anandibweretsera tiyi. "Imwani, mkaka suchoka mu mphepo." Maso awo ofiira. Akuti Lolemba likubwerali adzawachotsa kuchipinda cha makanda. Tiyi anazizira m'manja mwanga.

Mwamuna wanga Abednego anaimba foni ali kuntchito ku Kamwala. "Ma nesi aba sasamala, nizabwela nikambe nao." Ndinamunamiza kuti sindikumva bwino, nkudula.

Phazi la Lubuto layamba kutupa. Mawa abayanso pakhosi, mbali inayo. Akuti ikalephereka imeneyo, malo abwino atsala ochepa.

Apongozi atumiza uthenga: Loweruka abwera kudzamudzoza okha.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinayeserera mawu kubafa katatu. Nditafika patebulo la manesi, mawu onse anandithawa. Ndinangotulutsa botolo m'sokosi nkuliika pamenepo.

Ba Dokota analitembenuza. "Pa pulasita munagwila?"

"Ayi. M'mbali mokha."

Anapumira m'mwamba. Anauza mkulu wa manesi kuti lipoti lija lilembedwenso. "Naise tinakamba za pulasita chabe, za mafuta sitinakambe."

 Ba Katongo anati, "Masiku awili, bamake Lubuto. Awili. Na tiyi nakupangilani." Bola akanandimenya.

Nthawi yobaya itakwana ndinkati anditulutsa ngati tsiku lija. Koma ba Katongo anandiponyera chipewa ndi chophimba pakamwa. "Valani. Imililani uko, muone pamene tingenela."

Pamakina panaoneka timabowo tiwiri takuda. Kena kankagunda. Ba Dokota anati kameneko ndi koopsa, sakakhudza. Kenako kanali kofewa, akakanikiza kamaphwatalala, kochepa ngati njere ya mapira. Kadontho koyera ka singano kanatsika, kanatsika, nkulowa pakati penipeni. Kamodzi kokha. Ndinazindikira kuti ndaluma chophimba chija mpaka chanyowa.

Ba Katongo anapukuta khungu mpaka linauma gwa, nkumata pulasitala yatsopano. Anajambula mzere m'mwamba ndi chala, kuyambira kukhutu mpaka pamchombo.

"Uku konse ni kwanga. Mendo ni yanu."

Anandibwezera botolo. Sanamwetulire.

Ndang'amba kapepala m'buku lino. Ndalembapo zilembo zikuluzikulu, MIYENDO YOKHA, ndamangirira pabotolo ndi ulusi. Apongozi afika mawa m'ma teni. Ndiwauza ndekha, ndisanawapatse moni.