Njere za Tende Kuseri kwa Khitchini

Lachinayi, mwezi wa Okutobala

Kwatentha tsiku lonse, ndipo fumbi la omanga ku City Centre lalowa mpaka m'makapu. Koma lero Tiyamike wadya. Chidwalireni chikuku, mwana wangayu amangokana chilichonse, ngakhale phala lothira mkaka.

M'mawa ndinatsikira ku Old Town. Mayi wachimwenye wa sitolo yoyandikana ndi msika atamva za mwanayu anandipatsa tende, zipatso zimene iwo amayamba kudya akamamasula kusala. Akuti zimabwezeretsa mphamvu msanga. Zinali za mitundu iwiri: zakuda zofewa, zomata m'zala ngati uchi, ndi zachikasu zouma zofuna mano. Tiyamike wamaliza zakudazo, wapempha madzi, kenako phala.

A Phiri, otisamalira maluwa, ati n'chimodzimodzi ndi kanjedza wa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Ayi ndithu. Ameneyo ndinamulawapo, ndi khungu ndi njere basi.

Madzulo ndadzala njere zonse kuseri kwa khitchini. Bambo a Tiyamike andiseka. Ati nyumba ndi ya boma, mtengo wake umatenga zaka kuti ubereke, ndiponso pamafunika waumuna ndi waukazi, ndiye ndiudziwa bwanji? Ndawayankha kuti n'chifukwa chake ndadzala zonse. Ku Zomba ndinasiya mapeyala anga akuchita maluwa, sindinafe nazo. Akatisamutsanso, adzadya mwana wa wina wodwala.

Mawa ndizitchingira ndi minga kuti nkhuku zisafukule. Ndipo madzi otsukira mbale, kuyambira lero, azitayidwa pamenepo basi.