Nyumba Imene Ndinagumula Osadziwa

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija likuvutabe? Nanga amayi akudya bwino masiku ano? Ife kuno tilipo, kudzuka tikudzuka. Mwina mudabwa kuti ndalemba pamanja pamene foni ndili nayo. Ndayesa kawiri kukuimbirani, koma mukangoti halo ndimangoyamba kukufunsani za mvula.

Ana anu aja akukula. Hedi, amene munamutcha dzinali nokha chifukwa cholamula anzake ngati mkulu wa sukulu, akwanitsa zaka khumi ndi ziwiri mwezi wamawa. Gologolo mano awiri akutsogolo achoka, ndipo akukana kuseka pamaso pa anthu. Kushedi ntchito ya ukalipentala ikuyenda, tili pakati pokhoma makabati a nyumba ina yogona alendo.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalakwa.

Papita miyezi isanu chimwalirire alamu anu, mayi a anawa. Mukudziwa kuti anawa ankawaphunzitsa okha pakhomo, chifukwa mphumu ya Gologolo inkamujombetsa kusukulu masabata athunthu, ndipo Hedi anakana kupita yekha. Kalasi yawo inali tebulo lodyera. M'mawa masamu ndi kuwerenga, masana ntchito za manja. Ankadzala nyemba m'zitini pawindo n'kumaziyeza ndi rula, ankasoka mabatani, anaphwasulapo wotchi yakale kuti aone m'kati. Magemu a patabuleti ankawalola Loweruka lokha, ola limodzi. Ine Loweruka ndimakhala kuntchito, choncho sindinaonepo zimene ankasewerazo.

Maliro atatha ndinkawasiya ndi agogo a nyumba yoyang'anizana nafe, n'kuwalembera masamu oti achite. Pobwera ndinkawapeza pasofa, mitu yagundana, maso ali patabuleti. Ndinkangowasiya poti mwina zikuwaiwalitsa. Kunena zoona, nanenso chete ameneyo ankandithandiza. Nyemba zija zinauma m'zitini ine osazindikira.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi ya maphunziro, amene amayendera ana ophunzira pakhomo. Anatsegula makope n'kupeza kuti tsamba lomaliza kuchongedwa ndi lomwe anachonga alamu anu. Sanandikalipire. Anangonena mwaulemu kuti abweranso pakatha miyezi iwiri, ndipo ngati sipakhala kusintha anawa adzayenera kulowa sukulu. Gologolo atamva anakabisala kubafa. Ine manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo.

M'mawa mwake ndinatenga tabuleti ija ana ali m'tulo. Ndinapita nayo kwa wokonza mafoni wa pafupi ndi siteji ya basi n'kumuuza kuti afufute zonse, asiye mabuku okha. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinamuyankha kuti bambo wa anawo ndine. Madzulo ndinabwera ndi thumba la zidutswa za matabwa, kahamala kakang'ono, guluu ndi misomali, ndikudziona ngati munthu wanzeru.

Hedi analandira tabuletiyo n'kuyatsa. Anasuntha chala uku ndi uku, kenako anandiyang'ana.

"Ababa, nyumba ili kuti?"

Ndinafunsa kuti nyumba yanji. Gologolo ndiye anandifotokozera, uku akulira. Gemu imene ankasewera inali yomanga. Chaka chathunthu, Loweruka lililonse, atatuwo ankamanga nyumba imodzi, njerwa ndi njerwa. Inali ndi masitepe okhota, dziwe la abakha kuseri, ndiponso shedi yanga, chifukwa mayi awo ankati ababa asamakhale kutali. Chipinda cha mayi awo chokha ndicho chinatsala pamene ankamwalira. Miyezi yonse ija ndinkati akutaya nthawi, iwo ankamalizitsa chipindacho. Anali atafika padenga.

Achemwali, ndinathamanga ngati wamisala. Ndinapeza wokonza mafoni uja akutseka chitseko, ndipo anatsegulanso atangoona nkhope yanga. Anayesa njira zonse zimene amadziwa. Pomaliza anavula magalasi n'kundiuza kuti nyumbayo inasungidwa m'tabuleti momwemo basi, kwina kulikonse kulibe. Anati pepani kangapo ngati wolakwa ndi iyeyo.

Hedi anakhala masiku asanu ndi anayi osandilankhula. Sanachite mwano, sanamenyetse chitseko. Ankandiikira madzi osamba, ankasita malaya anga monga ankachitira mayi ake, koma akafuna kundiuza kanthu ankatuma mng'ono wake. Ndinamupepesa nditagwada pafupi ndi bedi lake. Anangotembenukira kukhoma.

Ndinapempha abwana kuti masana ndizibwera nawo kuntchito. Anavomera, n'kutipatsa kachipinda ka kuseri kosungiramo zogwirira makabati, komwe fumbi la utuchi silifika. Gologolo simungamusunge pamalo amodzi, tsiku loyamba lomwelo anakhoma chinthu chimene anati ndi galu. Anzanga anagwirizana kuti ndi benchi ya miyendo isanu. Hedi ankakhala pakona, manja m'thumba, osakhudza kanthu.

Tsiku lina Gologolo anatenga pensulo yanga n'kuyamba kujambula nyumba ija pachidutswa cha thabwa la pulayiwudi. Hedi anaponyako diso kamodzi, kawiri. Kachitatu anadzuka n'kumulanda pensuloyo, akuti masitepe sanali kumeneko, anali kumanzere, ndipo ankakhota kawiri. Anafufuta ndi chigongono n'kujambula yekha. Atamaliza anafunsa, osandiyang'ana, ngati thabwa lopyapyala lingapindike. Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa ine. Ndinamuonetsa mmene timachekera timizere kuseri kwa thabwa kuti ligonje.

Papita masabata atatu tsopano tikumanga nyumba ija ndi matabwa. Nyumbayo ikundifika m'chiuno. Ndaona kuti sukulu yabwerera yokha popanda kuikakamiza. Kuti adule thabwa ayenera kuyeza, kuti ayeze ayenera kugawa, ndipo Hedi walamula kuti chilichonse chilembedwe m'kope tisanagwire sowo. Ngakhale ine amandichonga. Gologolo akuwerenga yekha malangizo a pabotolo la guluu, ndipo abakha akuwaumba ndi sopo. Tabuleti ili pamwamba pa firiji. Sindinawaletse, koma palibe amene akuigwira. Ndikanakhala wina ndikanati ndapambana, koma ndikaona fumbi lili pamwamba pake mtima umandiwawa.

Musaganize kuti zonse zatha. Hedi amandilankhula za misomali ndi miyeso basi. Tikafika kunyumba amakhalanso chete. Lachitatu lapitali ndinamupeza atagwira khoma la chipinda cha mayi ake, misozi ikugwera pathabwa. Anati wayamba kuiwala. Sakukumbukanso ngati mawindo a kumwamba anali atatu kapena anayi.

Dzana anakangana koopsa chifukwa cha chitseko chakumaso. Gologolo akuti chinali chobiriwira, Hedi akuti chinali chachikasu, ndipo onse akuti anasankha mtunduwo ndi mayi awo. Anakokerana burashi mpaka Gologolo chifuwa chinamutseka, ndinachita kumupopera mankhwala. Atapeza bwino anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, ingotiuzani inuyo." Nyumba imene mkazi wanga anandimangiramo shedi sindinaionepo ngakhale kamodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu anu ankakonda kukutumizirani zithunzi za zonse zimene anawa apanga, ndipo munkadandaula kuti akudzazirani foni. Foni yawo inatayika kuchipatala masiku omaliza aja. Chonde fufuzani mu yanu yakale ija, yosweka galasi, ngati mukadali nayo. Yang'anani zithunzi za masiku a Loweruka. Mwina tsiku lina anajambula nyumbayo, ngakhale mbali imodzi, ngakhale chithunzi chosaoneka bwino. Ngati foniyo sikuyaka, musaipereke kwa wina aliyense kuti aikonze musanandiuze, ndipo aliyense woigwira mumuuze kuti asafufute kanthu.

Anawa sindinawauze kuti ndakupemphani zimenezi, kuopa kuwayembekezetsa chinthu chimene mwina kulibe. Mukachipeza, mutumize m'dzina la Hedi, achite kutsegula yekha. Mukapanda kuchipeza, mundiuze ine ndekha. Pakadali pano tagwirizana kuti chitsekocho chikhale chosapenta. Tachipala bwinobwino, tachiika pa mahinjesi, ndipo chikutseguka.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi musawauze yonse, mungoti adzukulu awo aphunzira kukhoma. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi banja lawo, ndi kwa ana onse. Apongozi ndiwalembera padera ndikapeza mphamvu. Gologolo akuti muuze asuweni ake kuti ali ndi hamala yakeyake. Hedi ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni, ndipo wati ndikuuzeni kuti wakusowani.

Mutikumbuke m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Hedi