Kuperekeza njinga ya achemwali

Lachiwiri, 4 Juni

Achemwali akwiya ndi zithunzi zanga. Akuti pa zonse njinga yawo yamoto ikuoneka ngati yaimikidwa pakhonde, masipoko a wilo kumawerengeka limodzilimodzi. "Iwe Kamaso, ine ndimapikisana, sindikutsatsa njinga." Gulu lina lalikulu likufuna okwera atsopano, ndiye akufuna atumizeko chithunzi choonetsa liwiro. Mpikisano ndi Lamlungu.

Chomwe aiwala n'chakuti amayi sanapondeko ku bwalo la mpikisano. Amalola zampikisanozi chifukwa cha zithunzi zanga zomwezo. Amaziyang'ana n'kunena kuti, "Bola mwananga amayenda mwaulemu." Ananeneratu kuti tsiku lomwe adzaone zoopsa, za njinga zidzathera pomwepo.

Lachitatu, 5 Juni

Potuluka kusukulu ndadzera ku bwalo. Kuli bambo wina wojambula, tonse timangoti a Chipewa. Aona kamera yanga, aseka mpaka kutsokomola. Shata, kachitseko kolowetsa kuwala kaja, ndimaiika pa 1/2000, ndiye imaumitsa chilichonse. Akuti nditsitse mpaka 1/60 kuti izichedwa kutseka, kenako ndizitsatira njinga ndi kamera. Mapazi asasunthe, zigongono pa nthiti, chiuno chokha chizitembenuka.

"Ukadina usaime, mphwanga. Uziiperekeza ngati mlendo, mpaka ikakhote."

Lachisanu, 7 Juni

Nthawi yopuma ndinali pageti la sukulu, kujambula maminibasi ndi njinga zakapalasa. Zithunzi 140, zonse utsi wokhawokha. Anyamata a m'kalasi akuti ndikuphunzira kuvina ndekha. Ndangowasiya.

Vuto ndaliona. Chala chikadina, thupi limaima lokha, ngati ntchito yatha.

Loweruka, 8 Juni

Chimodzi chatheka! Bambo wonyamula buledi panjinga. Iwo akuoneka bwinobwino, ngakhale chigamba cha pabondo, koma mpanda wakumbuyo wasanduka mizeremizere. Akuoneka ngati akuthawa moto, chonsecho amapalasa mwaulesi, uku akuyasamula.

Ndasangalala pang'ono chabe. Ngati wa buledi watuluka chonchi, nanga achemwali?

Lamlungu, 9 Juni

Ndinaima pakhota lachitatu, kuseri kwa matayala akale. Fumbi m'mano. Maulendo asanu oyamba ndinkangogwira wilo lakumbuyo kapena udzu. Achemwali akamapendeka, bondo limatsala pang'ono kukhudza pansi. Chaka chonsechi ndinkangodina n'kutsitsa kamera, sindinkadziwa kuti amafika pamenepo.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinawagwira asanalowe m'khota, ndinadina, ndinapitiriza kutembenuka mpaka msana kuwawa.

Pachithunzipo nambala yawo, 27, ikuwerengeka. Mawilo alibenso masipoko. Anthu, mitengo, zonse zakokedwa ngati utoto wosauma.

Anamaliza pachinayi. Ataona chithunzicho anandigwira m'khosi, golovesi ikununkha petulo. "Ndine amene uyu?" Kenako chapansipansi: "Amayi asaone." A Chipewa anangogwedeza mutu n'kupempha kuonanso.

Ndinajambulanso zingapo zouma, zachikale zija, zokaonetsa kunyumba. Sindinamve bwino pozijambula.

Lolemba, 10 Juni

Madzulo amayi akusita yunifolomu yanga, apempha zithunzi monga amachitira mpikisano ukatha. Ndaonetsa zouma. Avala magalasi, ayang'ana ziwiri zokha.

"Izi ndi zomwe ndinaona chaka chatha. Chija achemwali ako akumwetulira nacho pafoni kuyambira dzulo n'chiti?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Chala chinapita chokha.

Anakhala pansi. Simbi inatsala pa malaya, ndinachita kuichotsa ine. Anayendetsa chala pa mizere ija pang'onopang'ono, ngati akufuna kupeza mtengo umodzi woima. Kenako anaitana achemwali, omwe anafika n'kuima pakhomo, sopo ali m'manja.

"Umu ndi mmene umayendera masiku onse?"

"Eya, amayi."

"Ndipo iwe umaima n'kumaonerera?"

"Eya," ndinatero.

Achemwali anandiyang'ana diso loti tidzaonana. Sopo akudontha pansi.

"Mpikisano wina ndi liti?" anafunsa amayi.

"Pa 23."

Amayi anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya anga osita kale.

"Iwe Kamaso. Pomwe umaimapo, pali malo a anthu awiri?"