Njira Yotsikira Bambo

Thornrigg,
Yorkshire.
9 Novembala.

Okondedwa achimwene Rufus,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula siikukata, ndipo denga lathu la miyala lija layambanso kudontha.

Nkhani ya masitepe ija yakanika. Mukudziwa kuti chigwereni, Bambo sanatsikepo m'chipinda chawo chapamwamba. Ndinapempha chilolezo choika mpando wamagetsi wowakweza ndi kuwatsitsa, popeza nyumbayi ndi yotetezedwa ndi boma. Kunabwera mayi wina wa boma, waulemu wake, nayamba kusisita miyala ija imene mapazi a makolo athu anaikumba pakati. Akuti masitepe ozungulira otere, a m'ma 1600, atsala ochepa m'chigwa chino, ndipo kuboola khoma n'kosaloledwa. Ndinapsa mtima, achimwene. Ndinamufunsa kuti, "Pakati pa mwala ndi munthu, amamva kuwawa ndani?" Anangoyang'ana pansi.

Atamva zimenezi, Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Hester, musiye mwana wa eni ake. Ine ndi nyumbayi tonse ndife zakale, kungoti boma lasankhapo yosunga."

Nditatchula za nyumba yosungira okalamba kutauni, anandidula pakamwa. "Ndinabadwira muno, amako anatsirizikira muno. Undinyamule ngati thumba la mbatata? Ayi takana."

Mukukumbukira matabwa atatu aja pansi pa kapeti m'chipinda mwawo, amene ankatiletsa kudumphapo tili ana? Omanga nyumbayi anadziwa kuti bokosi la maliro silingakhote pamasitepe amenewa, ndiye anasiya chibowo choti lizitsikira pa zingwe mpaka m'khitchini. Ndi pomwe tinatsitsira Amayi chaka chija munalephera kubwera. Mayi wa boma uja atachiona anakondwa kwambiri, akuti nachonso n'chotetezedwa.

Lamlungu Bambo anandituma ndichotse kapetiyo, ndione ngati matabwawo akutsegukabe. "Waona? Amisiri akale anandikonzera kale chikepe changa, chosafuna chilolezo." Matabwawo anatseguka mosavuta, ndipo ndinakalirira kukhitchini kuti asandione. Masiku ano akungomwa tiyi, phala akulikana.

Za denga musadandaule, ndatcherapo ndowa. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Bambo akuti musavutike ndi ulendo, kuno kwazizira. Amenewo ndi mawu awo. Anga ndi awa: zingwe zija ndi ziwiri, achimwene, ndipo ine ndingagwire chimodzi chokha.

Ndine mlongo wanu,
Hester.