Eriyo Yotembenuka Loweruka Lililonse

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bwanje tonse tili bwino, ndipo mpunga wacha.

TV munatitumizira ija inayamba kuvuta mvula itatha. Zithunzi zinkangoima, mawu n'kumadukaduka. Ndinakumbuka malemu bambo a Tisunge, mmene ankapotolera nsungwi ya eriyo panja, ine ndikukuwa pawindo kuti, "Basi, pomwepo!" Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinalibe womukuwira.

A Cosmas, oyandikana nawo munda kusikimu, amenenso akazi awo anatisiya kale, anakwera padenga. Anapeza waya atachita dzimbiri polumikizira. Anadula powonongekapo, n'kulozetsa eriyo kuboma. Ndinakuwanso pawindo lomwe lija, mpaka ndinadziseka ndekha. Zithunzi zinabwera zoyera bwino.

Koma Loweruka lililonse nsungwi ija imapezeka yatembenuka, iwo n'kubweranso kudzakonza. Dzulo anati, "Mayi a Tisunge, mphepo ya pakhomo pano ili ndi manja." Ine ndinangowathirira tiyi wina.

Achimwene, pa Khirisimasi musalephere kubwera, ndipo mutenge jekete lanu labwino lija. A Cosmas akuti amalume awo ali nanu mawu.

Ndine mlongo wanu,
Veronica