Mwana wa pa bedi 4

[10:42] intern: sista, wa pa bedi 4 ndi mwana uja ndinamuona dzulo ku OPD? zaka 8, amadandaula m'mimba

[10:43] sista: yemweyo. abwera naye m'mawa uno manja ali mbee, mimba itauma gwa. ali ku theatre

[10:43] intern: theatre bwanji

[10:51] sista: spleen (kapamba) inang'ambika. magazi amatayikira mkati

[10:52] intern: koma ndinamufunsa. ndinati wagwa? wina wakumenya? anati ayi. ndinalemba no trauma, ndinamupatsa paracetamol ndi mankhwala a njoka za m'mimba

[10:52] intern: fomu yonse ndinadzaza. katemera, zomwe amadya, mpaka sikelo ya tsiku lobadwa

[10:55] sista: 🎤 voice note 0:41

[10:56] intern: ndili pa ward round sindingamvere. lembani pls

[10:58] sista: anagwa panjinga lachiwiri, handulo inamugunda pamimba. njinga ya bambo ake, yomwe anamuletsa kuti asamaigwire

[10:58] intern: inuyo wakuuzani bwanji

[10:59] sista: ndinawatuma bambowo kukatenga fayilo. atangotuluka mwana wayamba kulira, nkhani yonse yatuluka yokha

[11:00] sista: iweyo pomufunsa bambowo anali kuti?

[11:24] intern: pomwepo. atamugwira paphewa

[11:25] intern: ndipo ndinaona sista. funso lililonse amayamba wawayang'ana kenako nkuyankha. ine ndinati koma mwana waulemu. ndinawayamikira kuti analera bwino

[11:25] intern: zaka 6 za ku koleji, diagnosis yanga: ulemu

[11:27] sista: mzere unali wautali dzulo mwana wanga

[11:27] intern: musandikhululukire msanga chonde. kuwatulutsa panja inali mphindi imodzi basi

[11:50] intern: mwana watuluka ku theatre?

[12:15] intern: sista?

[12:31] intern: 📞 missed call

[13:08] sista: watuluka. spleen achotsa, magazi mabotolo awiri. akupuma yekha

[13:08] intern: ok

[13:09] intern: ndakhala pansi pa masitepe

[14:02] sista: wadzuka. sanafunse madzi, sanafunse mayi ake. wangoti adadi adziwa?

[14:02] intern: adziwa?

[14:03] sista: ayi. ali pabenchi chikhalire cha m'mawa, akuimitsa aliyense wovala zoyera. akuti dzulo adokotala anati ndi njoka, nanga njoka zimang'amba munthu mkati?

[14:04] intern: mwawayankha chani

[14:04] sista: ndati adokotala ake abwera kudzafotokoza

[14:05] sista: ukafuna ndipita ndekha. ndinazolowera

[14:19] intern: ayi. muuzeni mwanayo kuti poyamba ndiwauza cholakwa changa. akamaliza kundikwiyira ndiye ndinena za njinga, mwina mkwiyo ukhala utachepa

[14:20] sista: benchi ya kumanzere, malaya a blue

[14:20] intern: ndawaona kale. atandiona aimirira