Kamlatho ka Miyala ka Padambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti bambo miyendo ikuwavutabe.

Loweruka lapitali anaumirira kuti ndiwaperekeze ku kamlatho ka miyala kaja ka panjira ya ku Nambuma. Anamva kutchalitchi kuti okonza msewu akufuna kukagumula. Tinapita pa ngolo m'mamawa. Nkhungu inali isanachoke padambo, moti kamlathoko kankaoneka ngati kakuyandama.

Atatsika, anayamba kusisita miyala yomera ndere ija umodziumodzi.

"Uwu anausenza agogo ako," anatero. "Pankadutsa abulu atanyamula fodya. Tamvetsera, ziboda zikumvekabe, eti?"

Ine ndinkangomva madzi, koma ndinavomera.

Posakhalitsa anafika kapitawo wa msewu ndi tepi yake yoyezera. Bambo anamugwira dzanja n'kumulowetsa kunsi kwa mlatho, kumuonetsa mmene miyala inalumirana popanda simenti. Munthu uja anayang'anitsitsa miyalayo, maso ali m'mwamba. Kenako anati, "Agogo, msewu ukhoza kukhota pang'ono. Koma akuluakulu adzafuna umboni woti mlathowu ndi wakale."

Ndiye chonde achimwene, chithunzi chija cha ukwati, bambo ndi malemu mayi ataima pamlathopo, munapita nacho ndinu. Chijambuleni pa foni mutitumizire Lachisanu lisanafike. Bambo akuti tsiku lawo likadzakwana, bokosi lawo lidzawolokere pomwepo popita kumanda.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati